Mafuta Oyeretsa Khungu Sachinjiriza ku Dzuwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Nyimba limaocha ngati moto. Azimai ogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu wa Great East Road amakhala pamtetete tsiku lonse, pamene anzao a ku Petauke ali kalikiliki kusosa m'minda ya nshawa ndi thonje. Nkhope zimada, m'masaya mumabuka timawanga. Pamenepo ena amathamangira kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu, namayesa kuti apeza mankhwala.

Kumeneku ndi kudzinyenga. Khungu limada cifukwa ca cinthu cimene madokotala amacicha melanin, ndipo ndico cimachinga ukali wa dzuwa. Mafuta oyeretsa amaletsa thupi kucipanga. Mai amene wadzola m'mawa nalowera kudimba alingana ndi munthu wosasula denga la nyumba yace mvula ili pafupi.

Ambiri mwa mafutawa ali ndi hydroquinone kapena mercury. M'caka ca 1975 madokotala a ku South Africa analemba za azimai amene anadzola hydroquinone kwa zaka zingapo. Nkhope zao zinacita zigamba zakuda bii, zokakala, makamaka pamene dzuwa limaomba, ndipo zigambazo zimabvuta kucoka. Dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990. Mercury ndiye woipa koposa, pakuti amaononga impso, ndiponso amafika kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. Zambia inabvomera pangano la Minamata la 2013 loletsa zodzola zotere, koma wogula kabotolo kopanda malemba sangadziwe zimene zili m'katimo.

Mafuta oteteza ku dzuwa ndi ena. Pabotolo lace pamalembedwa SPF ndi nambala. Sayeretsa munthu, ndi okwera mtengo, ndipo amafuna kudzolanso pakapita maola awiri popeza thukuta limawacotsa. Kwa mai wa khasu, cisote cacikuru ca mlaza, malaya a manja atali ndi kuweruka dzuwa lisanafike paliombo zimathandiza popanda kutaya ndalama.

Amene sangakhale opanda mafuta a SPF ndiwo acialubino, omwe kalembera wa 2010 anawapeza oposa 25,000 m'dziko muno. Khungu lao lilibe melanin wokwanira, ndipo dzuwa limawadzetsera khansa akali acicepere. Makolo a mwana wotere afunse mafutawa kucipatala. Cironda cosapola pankhope, pakhutu kapena pamlomo acionetse msanga ku cipatala ca Nyimba, ca Petauke kapena ca Minga, cisanafike pofuna ulendo wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.