Khonde langa ndi Khirisimasi ya ku Karonga

Disembala uja wafikanso, ndipo amene muli m'matauni mwayamba kale kuona timagetsi tophethira m'mashopu. Sabata ino ndikufuna ticheze za khonde. Eya, khonde lomwelo timayanikapo zovala ndi kusungirapo mbaula lija. Chaka chatha langa linandiphunzitsa zinthu zomwe foni sinandiuze.

Ndimachita lendi chipinda cha pamwamba pa shopu ina m'tauni ya Karonga, chapafupi ndi msewu wa M1. Nyumba zosanja kuno n'zowerengeka, moti anzanga a kuntchito amandinena kuti ndimakhala "ku Area 10". Khonde lake ndi laling'ono zedi. Mukaikapo mipando iwiri ndi ndowa imodzi, basi ladzaza. Koma ukaima pamenepo m'mawa umaona akabaza akudutsana, malole opita kuchipata cha Songwe, ndipo kunja kukayera bwino umaona mpaka mapiri a ku Tanzania kutsidya kwa nyanja.

Chaka chathacho sindinapite kwathu ku Ntcheu. Kuntchito anandipatsa masiku awiri okha, pomwe kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe kokha ndi makilomita oposa 500, ndiye uwonjezepo a ku Ntcheu, kupita ndi kubwerera. Nditawerengera thiransipoti ndinaona kuti kuli bwino ndalamayo ndiwatumizire amayi awonjezere pa feteleza. Anathokoza, koma mawu awo pa foni anali ozizira. "Ndiye tsiku la Khirisimasi ukhala wekhawekha ngati kadzidzi?" Pofuna kuwalimbitsa mtima ndinati, "Amayi musadandaule. Ndidzaimba vidiyo pa WhatsApp ya achimwene, mudzaone mmene ndakongoletsera pakhomo panga." Nditadula foni m'pamene ndinakumbukira kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Ndinachita zomwe tonse timachita masiku ano. Ndinagula bandulo n'kuyamba kusuzumira zithunzi pa Facebook ndi TikTok. Koma ndiye kunja kuno kuli makonde! Mitengo ya paini, chipale chofewa chili mbuu, makandulo m'mbali mwake, mabulangete pampando. Loweruka ndinalowa mumsika n'kugula thonje loti likhale chipale, mabaluni, mapepala onyezimira, selotepi ndi chingwe cha timagetsi chomwe wogulitsa anati changolowa kumene kuchokera ku Kyela. Pofika madzulo khonde linali litasanduka London.

London wangayo anakhala masiku awiri. Amene munakhalapo ku Karonga mukudziwa kuti mu Novembala ndi Disembala kutentha kumadutsa madigiri 30 osapuma. Mabaluni anayamba kuphulika okha masana, selotepi inafewa n'kusiya khoma. Lolemba usiku kunabwera mphepo ya mpoto ndi mvula yake. M'mawa thonje lija linali litamatirira pansi ngati phala la dzulo, mapepala onyezimira ali pa mtengo wa mango wa aneba, ndipo madzi anali atalowa m'ekisitenshoni yomwe ndinaisiya panja. Mwayi wanga ndi wakuti magetsi anali atathima usiku umenewo. Mpaka lero ndikaganiza zoti ndikanaponda madziwo osavala nsapato magetsi ali oyaka, thupi limachita tsemwe.

Sindinagonje. Ndinaganiza kuti vuto ndi kupepuka kwa zinthu, ndiye ndipeze zolemera. Ndinabwereka miphika itatu ya simenti ya maluwa n'kuindanda pamwamba pa kakhoma ka khonde, mbali yoyang'ana kumsewu. Ndili mkati mokhoma misomali yopachikapo zina, ndinamva mapazi pa masitepe. Anali a landilodi, mayi wachikulire wa Chingonde amene amakhala m'nyumba ya kuseri kwa shopu. Tonse timangowaitana kuti Amama.

"Mwanangu, miphika iyo itsike."

"Amama, ndi ya Khirisimasi chabe, ndichotsa mu Januwale."

"Ndati itsike lero. Pansi apo pamadutsa ana."

Mumtima ndinati awa ndiye alandilodi ovuta aja. Koma anakhala pampando wanga, n'kundifunsa kuti mu 2009 ndinali kuti. Ndinati ndinali kupulayimale ku Ntcheu. Apo m'pamene anandifotokozera zomwe ine ndinkangozimva ngati mbiri ya m'buku. Kuyambira pa 6 Disembala chaka chimenecho, nthaka ya Karonga inayamba kugwedezeka, ndipo chivomerezi chachikulu chinabwera usiku wa pa 19 kuchezera pa 20 Disembala, masiku asanu okha Khirisimasi isanakwane. Anthu ena anataya miyoyo, ambiri anavulala, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka. Amama anati iwo ndi ana awo Khirisimasi imeneyo anaidyera panja, akugona pamphasa pansi pa mtengo, chifukwa panalibe wolimba mtima kugona m'kati mwa makoma a njerwa.

"Kuchokera nthawi imeneyo," anatero, "pakhomo panga chinthu cholemera sichikhala pamwamba pa mutu wa munthu."

Ndinasowa chonena. Karonga ali m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, chomwechonso muli nyanja yathuyi, ndiye kugwedezeka kwa nthaka si nkhani yoti inatha ndi 2009. Ine ndinkaona khonde ngati malo ojambulirapo chithunzi. Iwo ankaona ana odutsa pansi pake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Miphika inatsika tsiku lomwelo.

Kenako anayang'ana thonje lonyowa lija n'kuseka mpaka kupukuta misozi. "Chipale munachiona kuti inu? Kongoletsani ndi zomwe Mulungu anatipatsa kuno." Ndipo kunena zoona, zomwe timatengera pa intanetizi ndi miyambo ya eni ake yogwirizana ndi nyengo yawo. Mtengo wa Khirisimasi unachokera ku Germany, ndipo unafala ku Britain pambuyo poti nyuzipepala ina ya ku London yasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert ataima pambali pa mtengo wotero mu 1848. Timagetsi tapamtengo tinayamba mu 1882 ku New York, m'nyumba ya Edward Johnson, amene ankagwira ntchito ndi Thomas Edison. Kumeneko Disembala ndi mwezi wozizira ndi wamdima, ndiye amafuna chobiriwira ndi chowala. Ngakhale duwa lofiira lija la poinsettia, lochokera ku Mexico, kuno kwathu limafiira nthawi yozizira cha mu Juni, osati pa Khirisimasi. Ife Disembala wathu ndi wa mango, mvula yoyamba ndi mitengo ya flamboyant itayaka maluwa ofiira.

Tinayambiranso, ine ndi zidzukulu ziwiri za Amama. Ndikuuzeni zomwe zinagwira ntchito, mwina zingakuthandizeni inu amene muli ndi khonde la lendi, kaya lapamwamba kaya lapansi.

Choyamba, funsani eni nyumba musanakhome msomali. Safunsa anadya phula. Ife tinagwiritsa ntchito chingwe cha khonje ndi mapegi a zovala, ndipo pakhoma sipanatsale chipsera chilichonse chodzakanganirana pa dipoziti.

Chachiwiri, chilichonse chikhale chomanga, osati chomata. Chitenje chofiira ndi chobiriwira tinachizengereza pa zitsulo za khonde n'kuchimanga mfundo m'makona onse anayi. Chikanyowa chimauma chokha, ndipo mu Januwale ndinachichapa n'kuyamba kuchivala. Nyenyezi tinaluka ndi mlaza. M'malo mwa paini tinatola nthambi youma, n'kuizika m'ndowa ya mchenga wa kunyanja yomwe tinaika pansi pakona, osati pakakhoma. Pa nthambipo tinapachika zikhokhombe zazitali za flamboyant ndi tizigoba ta nkhono tomwe anawo anatola m'mbali mwa nyanja. Kakhola ka Yesu anaumba okha ndi dongo, ndipo ng'ombe zake zinali ndi linunda ngati zomwe amaziona tsiku ndi tsiku.

Chachitatu, pa nkhani ya magetsi musachite masewera. Ekisitenshoni ikhale m'nyumba, osati pomwe mvula ingafike. Timagetsi tambiri totchipa timabwera ndi pulagi ya mano awiri pomwe masoketi athu ndi a mano atatu, ndiye ambiri timatokosa ndi kamtengo kuti ilowe. Gulani adaputa, kapena chitani zomwe ndinachita ine: ndinasiya chingwe cha ku Kyela chija n'kugula timagetsi ta sola. Sitidya mayunitsi, sitigwira shoko, ndipo dzuwa la kuno limatidzaza mokwanira. Makandulo pafupi ndi chitenje, pakhonde pomwe pamawomba mphepo, ayi ndithu.

Tsopano mverani zomwe zinachitika pa 24 Disembala. Masana kunagwa mvula yabwino, madzulo kunja kunayera, ndipo magetsi anathima dera lathu lonse. Chowala chokha mumsewu wathu chinali khonde langa. Ndinakhala pansi n'kumadzitama mumtima. Pasanathe mphindi khumi ndinamva chinthu chikundikwawa m'khosi, kenako china m'tsitsi. Ngumbi! Zinabwera ngati zaitanidwa, mpaka timagetsi tija osaoneka bwino. Pansi ndinangomva ana akukuwa, "Mphalata! Mphalata!" ndipo masitepe anayamba kugunda, aliyense ndi beseni lake.

Amama anaima pansi pa masitepe ngati wapolisi wa pamsewu. "Khonde limenelo si bwalo la mpira. Mwanangu, tsitsani magetsiwo abwere kuno." Ndinamasula chingwe chimodzi, tinakachipachika pa mtengo wa mango pabwalo, n'kuika mabeseni a madzi pansi pake. Anthu a m'nyumba zoyandikana anatuluka ndi mipando. Ena omwe kwa chaka chathunthu tinkangopatsana moni wa pamsewu ndinawadziwa mayina usiku umenewo. Ngumbi zinakazingidwa pambaula, wina anabweretsa sipika, ndipo tinagona mochedwa.

M'mawa mwake titaweruka kutchalitchi, mdzukulu wa Amama anagogoda ndi mbale ziwiri. Ina inali ya mbalaga, nthochi zosapsa zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe, ina ya mpunga wa Kilombero wonunkhira masitepe onse. Ndinati "Ndaga," mawu amodzi a Chingonde omwe ndimawatchula osalakwitsa. Kenako ndinaimba vidiyo ija. Ndinawaonetsa amayi chitenje, nyenyezi za mlaza ndi ng'ombe za dongo, koma iwo maso awo sanali pamenepo. "Ndani akusekayo kumbuyo kwako?" Ndinatembenuza foni, Amama anabayibitsa, ndipo azimayi awiriwo, wina wa ku Ntcheu wina wa ku Karonga, anacheza mpaka bandulo yanga inatha. Pomaliza amayi anangoti, "Basi mtima wanga wakhala pansi."

Chaka chino tchuthi ndapeza, ndipo ndikupita ku Ntcheu. Koma zidzukulu za Amama zabwera kale kawiri kudzafunsa kuti tiyamba liti kuluka nyenyezi, ndiye khonde tilikongoletsa Loweruka likubwerali, ndipo timagetsi ta sola ndiwasiyira kuti adzatsitsire pamango ngumbi zikatuluka.

Nanga inu khonde lanu mwalikonza bwanji? Tilembereni, mutiuzenso zomwe mphepo inakulandani. Tionanenso sabata ya mawa, ndipo mukhale ndi Khirisimasi yamtendere.