Kodi mu Lusaka Mulibedi Coona?

Pali mau amene amveka kawirikawiri pakati pa ife okhala mumzinda uno, makamaka pamene talandira acibale ocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke. Mlendo akapumula masiku awiri, nafunsa kuti, “Kodi simundionetsako Lusaka wanuyu?” mwininyumba amayankha kuti, “Kuno kulibe coona, amalume, zoona ziri ku Livingstone.” Atatero amkweza minibasi, namzunguliritsa m’masitolo akuluakulu a ku Manda Hill, namgulira cakumwa coziziritsa kukhosi, ulendo n’kuthera pomwepo. Mlendo amabwerera kwao ataona magalasi ndi mitengo ya zovala, ndipo ana a m’nyumbamo amakula ndi maganizo akuti mzinda wao ndi msika cabe.

Mwezi uno ndifuna kutsutsa mau amenewa. Inde, Lusaka alibe mathithi onga Mosi-oa-Tunya, alibe nyanja, alibenso phiri lalitali loti munthu n’kulikwezera maso. Zimene ali nazo ndizo tinyumba tating’ono, manda, ziboliboli ndi maina a miseu. Mathithi amadzilankhulira okha, pakuti ngakhale khanda limamva mkokomo wao. Koma mwala wa cikumbutso umakhala cete kufikira atapezeka munthu woulankhulira. Zoona ziripo zambiri mumzinda muno. Amene asowa ndiwo ofotokoza.

Tiyambe ndi malo omwewo kumene timathamangira ndi alendo athu. Tonse timachula Manda Hill tsiku ndi tsiku, osamvanso liwu la cinenero cathu limene liri m’dzinalo. Mandatu ndi manda ndithu. Mbiri imanena kuti cakufupi ndi citunda cimeneco kunali mudzi wa mfumu Lusaaka, amene dzina lake linapatsidwa kwa kasiteshoni kamene kanamangidwa pamene njanji inafika kuno mu 1905. Kasiteshoniko kanakula pang’onopang’ono kufikira mu 1935, pamene boma la atsamunda linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kubwera kuno. Lero pa citundaco pali Nyumba ya Malamulo, imene inatsegulidwa mu 1967. Cotero munthu ataima pakhomo la sitolo angathe kuuza mwana wake za mudzi, za njanji ndi za likulu, osalipira ngakhale ngwee imodzi.

Ife a ku Emmasdale ndiye tiribe powiringula, cifukwa malo ena olemera mbiri ali pamphuno pathu penipeni. Munthu akatsata mseu wa Great North kulinga kumpoto, posacedwa afika pa bwalo lakale la Independence Stadium. Pamenepo, pakati pa usiku wa kuca kwa 24 Okutobala 1964, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa, ya Zambia n’kukwezedwa, ndipo dzina la Northern Rhodesia linathera pomwepo. Kunja kwa bwalo lomwelo kuli manda a anthu 30 amene anafa pa 27 Epulo 1993, pamene ndeke ya asilikali imene inanyamula timu yathu ya mpira inagwera m’nyanja itangonyamuka ku Libreville, m’dziko la Gabon, pa ulendo wopita ku Senegal. Mwa iwo 18 anali osewera, ndipo pamodzi nao anagona mphunzitsi wao Godfrey Chitalu. Amene tinalipo caka cimeneco tikumbukira maliro amene anagwira dziko lonse. Koma mwana wa lero, amene amapita ku bwalo latsopano la National Heroes kukaonerera mpira, amapyola mandawo osaceuka. Ndani anamuuza kuti cikho ca Africa cimene tinatenga pa 12 Febuluwale 2012 tinacitengera mumzinda womwewo wa Libreville, ndi kuti osewera athu, asanalowe m’bwalo, anayamba apita kugombe kukaponya maluwa m’madzi?

Tsopano tiyeni ku tinyumba. Ku Kabwata, m’mbali mwa mseu wa Burma, kuli nyumba zozungulira zofolera ndi udzu kumene amisiri amasema ng’oma ndi zifanizo za nyama, amai nagulitsa madengu ndi nsalu. Ambiri amaganiza kuti nyumbazo zinamangidwa kuti zikondweretse azungu odzaona dziko. Iai. Ndizo zotsala za komboni imene boma la atsamunda linamangira anchito acikuda m’zaka za m’ma 1930 ndi 1940. Mzinda unakonzedwa kuti ukhale wa azungu. Munthu wakuda anali kuyesedwa mlendo wodzagwira nchito cabe, woyenda ndi citupa m’thumba, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha. N’cifukwa cake nyumbazo ziri za cipinda cimodzi. Zambiri zinagwetsedwa, koma zocepa zinasungidwa mu 1974 kuti zikhale mudzi wa za miyambo. Lowetsani mwana wanu m’nyumba imodzi, atambasule manja ake, aone yekha malo amene agogo ake anapatsidwa mumzinda wa dziko lao lomwe.

Mukacoka ku Kabwata, Chilenje sali patali. Kumeneko kuli nyumba nambala 394, mmene a Kenneth Kaunda anakhala ndi banja lao kuyambira Januwale 1960 kufikira Disembala 1962, ndipo panja pake pasungidwa galimoto ya Land Rover imene inali kuwayendetsa m’masiku a nkhondo ya ufulu. Munthu akalowamo amadabwa ndi kucepa kwake. Siisiyana ndi nyumba zimene ambiri a ife tinakuliramo ku Matero kapena ku Libala. Komatu m’kanyumba kameneko munali kucitika misonkhano imene inasautsa boma la ku London. Ku Chelstone nakonso kuli nyumba imene anakhalamo a Oliver Tambo, mtsogoleri wa cipani ca ANC, pa zaka zimene cipanico cinali coletsedwa ku South Africa ndipo likulu lake linali muno mu Lusaka. Nyumbayo inatsegulidwa monga malo a cikumbutso mu 2017. Mwana wobadwira m’komboni, amene anzake amamnyoza cifukwa ca kumene agona, ayenera kuziona nyumba zimenezi ndi maso ake.

Pakati pa tauni, ngakhale maina a miseu ali ndi nkhani. Mseu wa Cairo unachedwa motero cifukwa ca maloto a Cecil Rhodes, akuti Angerezi alamulire kucokera ku Cape kufikira ku Cairo. Koma kuseri kwake kuli miseu ya Chachacha ndi Freedom Way, imene imayankha malotowo. Chachacha ndilo dzina la cipolowe ca mu 1961, pamene anthu anatentha zitupa, natseka miseu ndi mitengo, makamaka ku zigawo za kumpoto ndi ku Luapula, ndipo ena anataya miyoyo. Kucoka apo, mukakwera ndi mseu wa Independence, mupeza ciboliboli ca Ufulu, ca mwamuna wodula maunyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka khumi. Cimakumbutsa za Zanco Mpundu Mutembo, mmodzi wa acinyamata amene anamangidwa m’masiku amenewo, ndi onse amene anafera ufulu. Kwa zaka zambiri cithunzi cake cinayenda m’matumba mwathu pa ndalama za pepala. Funsani ana a m’nyumba mwanu kuti munthuyo ndani. Yankho lao lidzakuuzani ngati nchito yathu ya ukholo tiri kuigwira. Cakumbuyo kwa cibolibolico kuli nyumba yosungiramo zakale ya Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996.

Patsogolo pang’ono, pa mseu womwewo, pali Embassy Park, pamene pagona atsogoleri a dziko: a Levy Mwanawasa amene anamwalira mu 2008, a Frederick Chiluba mu 2011, a Michael Sata mu 2014, a Kenneth Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022. Amene timakumbukira masankho a 1991, ndi kumangidwa kwa a Kaunda pa tsiku la Khrisimasi mu 1997 pa ulamuliro wa a Chiluba, timadziwa kuti anthu awiriwa analimbana kwambiri. Lero agona m’munda umodzi, motalikirana mapazi owerengeka. M’nyengo ya masankho, pamene acinyamata athu amapatsidwa mowa ndi zikwanje kuti akamenye anzao a cipani cina, ndikhumba kholo lirilonse likadayamba lapita ndi mwana wake kumeneko.

Nkhani ya anthu awiri omwewa imatifikitsanso pa chalichi cacikulu ca abale athu a Anglican, ca Holy Cross, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Mu Julaye 1991, dziko liri pa ngozi cifukwa ca mkangano wa malamulo oyendetsera masankho, atsogoleri a mipingo anaitanira a Kaunda ndi a Chiluba m’chalichi cimeneco, ndipo anamvana. Maiko ena a pafupi nafe anakhetsa mwazi pa nkhani zonga imeneyi. Ife Akatolika tiri ndi chalichi cathu cacikulu ca Mwana Yesu, cimene cinadalitsidwa mu 2006 pa malo pamene Papa Yohane Paulo Waciwiri anapereka nsembe ya Misa mu Meyi 1989. Pamenepo pagona Kadinala Adam Kozłowiecki, wa ku Poland, amene anapulumuka m’ndende za Auschwitz ndi Dachau, nakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka, natula pansi udindowo mu 1969 kuti utengedwe ndi mwana wa dziko lino. Pagonanso Kadinala Medardo Mazombwe, mwana wa kum’mawa, amene analimbikira kuti ngongole za maiko osauka zikhululukidwe, namwalira mu 2013. Timapitako pa zikondwerero zazikulu, koma Misa ikangotha timathamangira minibasi.

Mwina wina adzati ana a masiku ano sasamala zakale, ndipo palibe cimene tingacite. Tiyeni tione anzathu a kutali, a ku Philippines, kum’mwera cakum’mawa kwa Asia, amene naonso analamulidwa ndi atsamunda. Pakati pa likulu lao, Manila, pali munda waukulu wochedwa Rizal Park, pa malo pamene Asipanya anawombera José Rizal pa 30 Disembala 1896 cifukwa ca zolemba zake zodzutsa anthu. Mafupa ake ali pansi pa cipilala cimene asilikali amalondera, ndipo mabanja amapita kumeneko ndi zakudya zao kukapumula. Mwana wa ku Manila amamdziwa Rizal, koma sanabadwe akumdziwa. Mu 1956 dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti moyo ndi zolemba za Rizal ziphunzitsidwe m’masukulu. Anadziwa kuti cikumbutso ciri ngati munda: ukaleka kuulimira, udzu sucedwa.

Kwa ife nthawi yacepa. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 usiku uja wa kutsitsa mbendera, lero wapyola zaka 75. Amai amene anaphikira omenyera ufulu, abambo amene anayenda ndi citupa, akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense amapita kumanda ndi nkhani zake. Boma lingathe kupaka nyumba utoto ndi kuika mlonda pakhomo, ndipo liyenera kutero, koma silingalowe m’malo mwa gogo wonena kuti, “Ine ndinaima apa, ndinaona ndi maso angawa.” Akulu anati m’mera mpoyamba. Mwana amene sanauzidwe mtengo wa ufulu ali wamng’ono, adzaugulitsa ndi citenge ndi botolo la mowa atakula.

Tsono pempho langa kwa mabanja ndi ili. Sankhani Loweruka limodzi pa mwezi, ndipo sankhani malo amodzi okha, pakuti wothamangira malo asanu tsiku limodzi sabwerako ndi kanthu. Phikani mbatata kapena cinangwa, tungani madzi m’botolo, kuti ndalama ipite ku minibasi ndi ku kaulere kakang’ono kolowera kumene amalipiritsa. Ngati m’nyumba mwanu kapena m’mphakati wanu muli nkhalamba imene idakali ndi mphamvu, itengeni, ikhale patsogolo. Pa manda phunzitsani ana kuvula zisoti ndi kutsitsa mau, ndipo musasiye mapepala ndi mabotolo pansi. Madzulo, mutadya nsima, mwana aliyense afotokoze cimene waona, ndipo amene adziwa kulemba alembe mau a agogo m’kabuku. Magulu a acinyamata a m’maparishi angathe kucita cimodzimodzi, kusonkherana ndalama ya basi imodzi.

A ku Emmasdale, a ku Matero ndi a ku Mandevu, yambani ndi manda a anyamata a mpira, pakuti kumeneko mufikako ndi miyendo. Werengani maina onse 30 mokweza, limodzi ndi limodzi, ana alikumva.