Musandiuzenso Zoti Ndidikire

Pali anthu ena m'dziko muno amene ntchito yawo n'kulangiza anzawo kuti asagule kanthu lero. Ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ati kompyuta imatsika mtengo chaka ndi chaka, ndiye wothamangira kugula ndi chitsiru. Ine ndinawamvera anthu amenewa, ndipo ndikulemba pano mtima ukuwawabe.

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyenda m'malayini a antchito komanso m'midzi yozungulira minda ya tiyi kuno ku Thyolo, cha ku Satemwa, Conforzi ndi Makandi, kulemba zomwe agogo othyola tiyi amakumbukira: za thangata, za makolo awo Achilomwe omwe anachoka ku Mozambique wapansi, za nyimbo za m'munda. Zonsezi zinali m'makope. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasasula denga la nyumba yomwe ndinkachita lendi, makope awiri n'kusanduka phala. Awiri mwa agogo omwe anandifotokozera nkhanizo anatisiya kale. Ndikawafunsenso kuti?

Choncho m'Okutobala chaka chomwecho nditaona kompyuta ya patebulo m'sitolo ina ku Limbe, yogwirapo kale ntchito koma yotsitsidwa mtengo, ndalama zinali m'thumba ndithu. Mnzanga wina wa sukulu yake anandigwira mkono. "Achimwene, musapupulume. Pofika Khirisimasi atsitsanso." Ndinakwera minibasi chimanjamanja.

M'Novembala Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Nditabwererako m'Disembala, ndalama zanga zija zinkangokwanira monita ndi kiyibodi basi. Mwini sitolo sanandibere ayi. Makompyuta sitilima ku Bvumbwe ngati kabichi, amabwera ndi madola.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti tinali titachenjezedwa kale. M'Meyi 2022 kwacha inali itagwa ndi 25 peresenti. Nanga nzeru yodikirayi alangizi athuwa anaitenga kuti? Anaiwerenga m'nkhani za ku London ndi ku New York, komwe ndalama imagona usiku n'kudzuka ili chimodzimodzi. Kuno ndalama ukaisunga pansi pa pilo imasungunuka ngati mchere m'dzinja.

Tsopano abwera ndi nyimbo ina. Akuti makompyuta otchipawa ndi nkhalamba, popeza pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo ambiri mwa iwo sangalandire Windows 11. Apa akunena zoona, sindikana, ndipo amene amasungira ndalama za kampani pa intaneti amvere. Koma wandakatulo akufunanji? Kutayipa, kusunga, kukopera pa fulashi ziwiri, ina n'kukasiya kwa mlongo wake ku Luchenza. Nkhalamba imeneyo ntchito iyi imaitha bwinobwino, eti. Muiyatse m'sitolo momwemo, mutayipe ndime yathunthu, mumvetsere ngati ikulira modabwitsa, ndipo musaiwale kachipangizo kotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Kupupuluma kumene ndikukana ine n'kugula osayesa.

Yanga ndinadzaigula mu 2024, yakale kuposa ija, pa mtengo wokwera kuposa uja. Makope otsala ndawatayipa onse kupatula limodzi, lomwe inki yake inafalikira moti dzina la mudzi wa gogo wina sindikutha kuliwerenga. Mnzanga uja anabwera kudzaiona sabata yatha. Anaizungulira, n'kugwedeza mutu, amvekere ndikanadikira pang'ono.