Njinga yamoto ikazima panjira, musathamangire kumasula kabuleta

Aliyense woyenda m'misewu ya ku Chiradzulu, kaya cha ku Njuli, Namitambo, Thumbwe kapena Mbulumbuzi, anamuonapo mnyamata wa kabaza ataima m'mphepete mwa msewu, thukuta lili kamukamu, akuponda kiki mobwerezabwereza, kasitomala ali chilili pambali ndi thumba lake la nandolo. Njinga imayenda bwinobwino, kenaka yatsokomola kawiri katatu n'kuzima. Posakhalitsa anthu aunjikana, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti CDI yapsa, wina akuti ndi koilo, wina akuti: "Aise, ingomasula kabuletayo."

Langizo lomalizali ndi limene limandidetsa nkhawa. Kabuleta yomasulidwa pafumbi ndi sikuludiraiva yobwereka imabwerera pamalo pake italowa mchenga, kapena itasowa kasipuling'i kamene kagwera m'udzu. Vuto limene likadatha ndi manja okha limasanduka ulendo wa ku Limbe kukagula zipangizo, pomwe mwini njinga akudikira ndalama yake ya tsikulo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa injini mawuwa ndi oona ndithu.

Injini ya petulo imalira ikapeza mafuta, mpweya, moto wa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza zonsezi mkati, imene amakaniko amati kompuresheni. Zili chimodzimodzi pa Lifo, pa Boxer, pa Yamaha ya alangizi a zaumoyo, ngakhalenso pa njinga za matayala anayi zija timaziona mwa apo ndi apo. Ikazima ndiye kuti chimodzi mwa zinayi chasowa, ndipo nzeru ndi kuyambira pa zosafuna ndalama. Onani kaswitchi kofiira ka pachiwongolero, chifukwa katundu kapena dzanja la mwana limakakankha mosadziwa. Onani tapu ya mafuta ngati ili pa ON. Gwedezani mawaya a pa batire, muyang'anenso fyuzi. Njinga zina, makamaka za matayala anayi, siziliza sitata ngati sizili pa nyutulo kapena simunagwire buleki.

Zimenezi zikakhala bwino, pitani ku mafuta, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yaikulu ya masiku ano. Kuyambira mu 2022, mafuta akhala akusowa pafupipafupi m'dziko muno, moti a kabaza ambiri akumudzi amadalira petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wogulitsidwa m'misika. Sindingawaweruze, chifukwa munthu wokhala kutali ndi filing'i sitesheni sangataye tsiku lonse pamzere. Koma mafuta amenewa amadutsa m'manja mwambiri. Chigubu china chinali ndi madzi dzulo, china chili ndi dothi pansi, ndipo alipo ogulitsa osaopa Mulungu amene amathiramo palafini kuti achuluke. Tikumbukirenso kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, choncho mafuta osungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amayamwa madzi.

Madzi ndi olemera kuposa petulo. Amakhala pansi pa thanki, ndiye mukatembenuza tapu kupita pa RES, pamene mafuta amatengedwa kuchokera pansi penipeni, mumawatumiza ku kabuleta pamodzi ndi dzimbiri lonse. Kuti mudziwe, simufunika kumasula kabuletayo. Kunsi kwake kuli kasikuluwu kokhetsera mafuta. Ikani botolo loyera pansi pake, masulani pang'ono, mulole mafuta atsike. Ngati muli madzi, muwaona atadikha pansi pa botolo, atapatukana ndi petulo. Khetsani mpaka atuluke oyera, mangani, pondani kiki. Ngati sakutuluka n'komwe, chotsani paipi ya patapu muone ngati akuyenderera, poti mwina kasefa ka m'thanki katsekeka. Kafyuluta kakang'ono koika pakati pa thanki ndi kabuleta n'kotsika mtengo, ndipo ndimadabwa kuona njinga zambiri zikuyenda popanda kameneka.

Palinso vuto lina limene limapusitsa ngakhale ozolowera. Njinga imayenda kamtunda, n'kuzima, mukadikira pang'ono n'kuliranso, kenaka n'kuzimanso. Tsegulani chivindikiro cha thanki mumvetsere. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, ndiye kuti kabowo kopumira ka pachivindikirocho katsekeka ndi fumbi, ndipo mafuta akulephera kutsika. Kuyeretsa kabowoko sikufuna tambala.

Mafuta akapezeka kuti ali bwino, tulutsani pulagi. Iyi ndi mboni yosanama. Ikakhala yofiirira ndi youma, injini ikuwotcha bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, mafuta akuchuluka kuposa mpweya: mwina mwayenda choko chili chotseka, mwina fyuluta ya mpweya yadzaza. Ikakhala yonyowa ndi petulo, ndiye kuti mafuta akufika koma sakuyaka, ndipo kuponda kiki kosalekeza kuja kwangoimiza m'mafuta. Ipukuteni, muibwezere m'kapu yake, muigunditse pa chitsulo cha injini, wina aponde kiki. Pazioneka kamoto ka buluu kothetheka mwamphamvu. Chonde, chitani zimenezi kutali ndi bowo la pulagi komanso mafuta amene munakhetsa aja, ndipo gwirani pa labala, osati pa chitsulo. Ngati moto palibe, yesani pulagi ina musanatchule dzina la CDI. M'nyengo ya mvula, kapenanso njinga ikatsukidwa kumtsinje, madzi amalowa m'kapu ya pulagi, ndipo kuumitsa kokha kumakwanira.

Pa madzi pomwepa ndiwonjezere chenjezo. Namondwe wa Freddy atagumula milatho ndi misewu m'boma lino mu March 2023, kuwoloka mitsinje ndi njinga kudasanduka chizolowezi m'madera ambiri. Njinga ikazimira pakati pa madzi, musayese kuiliza. Madzi sapanikizika monga mpweya uchitira, ndipo akalowa pamwamba pa pisitoni, kukakamiza injini kumapinda chitsulo chogwira pisitoniyo. Ikankhireni kumtunda, chotsani pulagi, pondani kiki kuti madzi atulukire pabowo, umitsani fyuluta. Oyilo akaoneka woyererako, asinthidwe msanga.

Fyuluta ya mpweya imavutika kwambiri kuyambira August mpaka mvula itagwa, pamene fumbi lili koboo. Yasiponji imachapidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono, pomwe yapepala imafuna kusintha. Ena amaichotseratu ati kuti njinga izikoka. Imakokadi kwa milungu ingapo, koma fumbi limapala maling'i ndi silinda mpaka njinga kuyamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo.

Zonsezi zikalephera, m'pamene pafunika makaniko. Njinga yomwe imazima ikatentha n'kulira ikazizira kawirikawiri imakhala ndi koilo yotopa kapena mavalavu othina. Kiki ikamatsika mopepuka, osalimbalimba kuphazi, kompuresheni yathawa. Amakaniko abwino alipo ambiri m'misika yathu, ndipo mumawadziwa poti amayamba ayeza asanakuuzeni zogula. Amene wangomva nkhani yanu n'kunena kuti mugule CDI asanaone n'komwe moto wa pulagi, mupempheni mwaulemu kuti ayese kaye ya njinga ina.

Nkhaniyi ndaitenga ndi mtima wonse chifukwa njinga ya kabaza kwathu kuno siyongonyamulira matumba a kumsika. Usiku mayi akayamba kumva kupweteka kwa uchembere kumudzi, imene imafika pakhomo msanga kuti imutengere ku Nguludi kapena ku chipatala cha boma ndi yomweyi. Woyendetsa wosadziwa kukhetsa madzi m'kabuleta akhoza kuima mumdima ndi wodwala pa vuto la mphindi zisanu. Ambiri mwa anyamatawa adaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira masana amodzi, mawa lake n'kuyamba kunyamula anthu, ndipo palibe adawaonetsa zamkati mwa chimene akukwera.

Eni njinga, musamangofunsa ndalama ya tsiku. Mugulireni mnyamata wanu sipanala ya pulagi, pulagi yapadera, fyuzi, sikuludiraiva ndi tochi, zizikhala pansi pa mpando. Inu a mabungwe a kabaza m'masiteji, kambiranani ndi a TEVETA komanso sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zimene tili nazo m'boma lino, monga ya DAPP ku Mikolongwe, kuti akonze maphunziro a masiku awiri kapena atatu okhudza zimene ndafotokozazi, ndipo achitikire kusiteji komweko, mvula isanayambe.