Adatayika Kapena Adatayidwa?

Mayi anga aang'ono amakhala pa Njuli, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, kufupi ndi pamene anthu amaswa miyala ya kwale. Ntchito yawo ndi yoluka zopondera pakhomo. Loweruka lililonse amazungulira makhonde a atelala kukatola nsanza zimene sizasi yasiya: kachidutswa ka chitenje cha chipani, ka yunifolomu ya sukulu, ka diresi ya ukwati. Akafika kunyumba amazidula timizere n'kumazilowetsa ndi kawaya kopinda m'maso a thumba la feteleza lochapa bwino. Ndili mwana ndinkawathandiza kusankha mitundu, ndipo sindidawamvepo akunena kuti nsanza ina yatha ntchito. Ikakhala yaifupi kwambiri amangoti, "Iyi ikhala ya m'mphepete."

Nsanzazi ndimazikumbukira ndikaganiza za mwana wawo, mchemwali wanga. Ali Folomu 3 adatenga pathupi, ndipo mpingo wathu udamudula monga mwa mwambo. Adalowa kalasi ya olapa, adaphunzira, kenako adaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kubwezeretsedwa. Kusukulu adamulandiranso, pakuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi, ndipo mayeso a Folomu 4 adakhoza. Papita zaka 5 tsopano. Komabe atafuna kutsogolera kwaya ya achinyamata, adauzidwa kuti adikire kaye. Amayi ena akafuna kumulozera mlendo amati, "Ndi uja adatayika uja." Mnyamata amene adamupatsa pathupiyo adasamukira ku Limbe, ndipo ukwati wake udadalitsidwa m'tchalitchi, magalimoto ali mdipiti.

Mawu akuti "adatayika" ndi amene amandivuta. M'kalasi ya kapangidwe ka mawu tidaphunzira kusiyana kwa msintho wa -ik- ndi wa -idw-, nkhani imene Sam Mchombo adaifotokoza m'buku lake la mu 2004 lotchedwa The Syntax of Chichewa. Tikati mbale yaswedwa, titha kuwonjezera kuti yaswedwa ndi mwana. Tikati mbale yasweka, wochitayo wasowa, ndipo chiganizocho sichilola n'komwe kuti timutchule. N'chifukwa chake mwana wochenjera akaphwanya kapu amathamangira kukanena kuti yasweka. Ifenso tikamati mtsikana adatayika timachita ngati mwana uja. Tikadati adatayidwa, wina akadafunsa kuti ndi yani, ndipo yankho likadakhudza mnyamata uja, makolo, ndi ife amene timasuntha pabenchi iye akakhala pafupi.

Sindikunena kuti mchemwali wanga sadalakwe. Iye mwini adavomera. Sindikutinso mpingo usiye mwambo. Mkulu wa mpingo wina, munthu amene ndimamulemekeza, adandiuza kuti tchimo likapanda chilango ana ena adzaliona ngati masewera, ndipo mfundo yake ili ndi mutu. Ngakhale wopanga koloboyi sangonyamula chitini padzala n'kuthiramo palafini. Amachitsuka, kuchidula, kuchiboola ndi kuchiwotcherera. Koma akamaliza amachiyatsa. Palibe mmisiri amene amavutikira chitini tsiku lonse kenako n'kuchibwezera padzala ponena kuti chidakhalapo chinyalala. Chilango chimene chilibe tsiku lothera chimaoneka kuti cholinga chake si kukonza munthu.

Alaliki athu amakonda fanizo la woumba mbiya la pa Yeremiya 18, pamene mbiya idaonongeka m'manja mwa woumba, iye n'kuumbanso ina ndi dongo lomwelo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi nkhani ya pa Yohane 6. Anthu 5,000 atadya n'kukhuta, Yesu adalamula ophunzira ake kuti atole makombo, ndipo adadzaza mitanga 12. Munthu amene angathe kuchulukitsa buledi nthawi ina iliyonse analibe chifukwa chosamalira nyenyeswa, koma adazisamala. Timawerenga ndimeyi Lamulungu m'mawa, ana athu akusewera panja mpira wa majumbo otola kumsika ndi magalimoto a mawaya, kenako timatuluka n'kukasankha anthu oyenera ndi osayenera.

Mwina vuto lathu ndi loti timaganiza kuti kukhululuka n'kuiwala, ndiye poti kuiwala sitingathe, timaona ngati kukhululukanso n'kosatheka. Zoluka za mayi aang'ono zimatsutsa maganizo amenewa. Ukayang'anitsitsa chopondera chawo umazindikira kuti apa padali chitenje, apa padali malaya a sukulu. Mbiri ya nsanza iliyonse imaonekabe, koma wogula safunsa za mbiriyo, amangoona ngati chalukidwa molimba. Mwana wa mchemwali wanga wayamba sukulu ya mkaka, ndipo palibe amene angayerekeze kuti kulibe. Chimene tikupemphedwa n'chakuti tileke kumuitana mayi wakeyo ndi dzina la tchimo limene tidalengeza tokha kuti lakhululukidwa.

Maganizo anga ndi akuti tsiku limene munthu wabwezeretsedwa, abwezeredwenso zonse zimene adalandidwa, kuphatikizapo udindo, ndipo mbusa anene zimenezi poyera kuti wonong'ona asowe pogwira. Ngati mlandu uli wa anthu awiri, onse aitanidwe, ngakhale winayo atathawira kutauni, pakuti kalata yosamutsira munthu kumpingo wina imalembedwa ndi akulu ampingo omwewo.

Chaka chatha mayi aang'ono adapereka chopondera chachikulu kutchalitchi kwathu, ndipo adachiika pakhomo lolowera. Theka lake adaluka ndi mchemwali wanga, usiku, mwana atagona. Pa Khirisimasi ndidaima pambali n'kumaona amayi aja akupukutirapo matope a kumapazi, mmodzi n'kufunsa kuti chokongola chonchi adagula kuti.