Agogo akakodza pogona, musathamangire za ufiti

Inu amene mukusamalira wodwala pakhomo, mwina mwaziona: mayi anu odwala shuga kapena BP adzuka usiku mphasa itanyowa, sakukuzindikirani, akulimbana ndi chitseko kuti atuluke. Kukamacha, pamjigo yamveka kale yoti agogo aja amatamba. Kuno kwa Chikweo tisiye kuweruza motere. Kukodza pogona ndi kusokonezeka mutu usiku ndi zizindikiro za matenda, ndipo ambiri mwa matendawa ali ndi mankhwala.

Shuga akakwera, munthu amamva ludzu ndipo amakodza pafupipafupi. Akatsika kwambiri, makamaka wodwala akamwa mankhwala n'kugona ndi njala, amatuluka thukuta, amanjenjemera ndi kubwebweta. Ngati akutha kumeza, m'patseni madzi a shuga. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Khunyu imagwiranso munthu ali m'tulo. Amadzuka atadzikodzera, atadziluma lilime, thupi lili lefu. Kwa okalamba, matenda a m'chikhodzodzo kapena malungo amatha kusokoneza mutu. Ife oyandikana ndi nyanja ya Chiuta tisaiwale likodzo, lomwe limawononga chikhodzodzo pang'onopang'ono. Mankhwala ena a BP amachulukitsa mkodzo, choncho funsani adokotala nthawi yabwino yomwera; musawasiye panokha. Munthu amene ali ndi HIV akayamba kusokonezeka, mutu ukumuwawa kwambiri ndipo khosi lauma, musadikire kuti kuche.

Nanga mutani? Onetsetsani nthawi imene zachitika, zimene wodwala anadya, mankhwala amene anamwa, komanso ngati thupi linatentha. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse, mukafotokoze pachipatala cha Chikweo. Zikavuta, adzakutumizani kuchipatala cha boma ku Liwonde. N'zoona kuti ulendowo umadya ndalama, koma kwa sing'anga nakonso mumalipira, shuga ali kukwerabe.

Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Inu a m'miphakati, ntchito ndi iyi: kayendereni banjalo, mutenge sopo, pulasitiki yoyala pamphasa ndi nyali younikira usiku. Pamene ena akuloza chala, inu thandizani kuchapa zofunda. Amene akunyowetsa mphasa lerowa ndi omwe anachapa matewera athu osadandaula.