SEFA YA UTSI SI MDANI WA MWINI GALIMOTO

Masiku ano alimi ambiri a ku Cigawo ca Kum'mawa akagulitsa soya, nshawa ndi cimanga, amasonkhanitsa ndalama nagula galimoto ya dizilo yogwirapo kale nchito ku Japan kapena ku Britain. Ici ndi citukuko coyamikika, pakuti galimoto ya m'mudzi imanyamula zokolola ndi feteleza, ndiponso imathamangitsa odwala kucipatala usiku. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Magalimoto amakono ali ndi zipangizo zofuna cisamaliro, ndipo cimodzi ca izo ndi sefa ya utsi imene amakanika amaichula kuti DPF.

Sefa imeneyi imakhala pa mpope wotulutsa utsi, ndipo nchito yace ndi kugwira mwaye kuti usafalikire mumpweya. Kampani ya Peugeot inayamba kuiika m'galimoto zace mu 2000, ndipo malamulo a Euro 5 atayamba mu 2009, galimoto zatsopano za dizilo za ku Ulaya zinayamba kutuluka nayo. Cifukwa cace ncomveka. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Amene amapuma utsiwo ndi amai ogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, ana opita kusukulu ndi woyendetsa mwini wace.

Mwaye ukaculuka, galimoto imautentha yokha ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Kuti izi zitheke, injini iyenera kuyenda mtunda wautali pa liwiro labwino, monga pa Great East Road kucokera ku Chipata kunka ku Katete. Galimoto yongoyenda pang'onopang'ono pakati pa munda ndi cigayo sipeza mpata wotere. Sefa imatsekeka, nyali yocenjeza imayaka, mphamvu imacepa, ndipo nthawi zina dizilo amasakanizika ndi oyilo wa mu injini. Malole ena a ku Japan ali ndi batani lotenthera mwaye galimoto itaima. Eni ace azindikire kuti pa nthawi imeneyo mpope umatentha koopsa, kotero kuimika galimoto pa udzu wouma kapena pafupi ndi nkhokwe ndiko kuitana moto.

Cokhumudwitsa ncakuti amakanika ena, akaona nyali ija, amangotenga nyundo ndi citsulo nagumula zam'kati mwa sefa. Mwini galimoto amakondwa poti walipira pang'ono. Koma utsi wonse umene sefa inali kugwira tsopano umathera m'zifuwa za anansi ace, ndipo kompyuta ya galimoto ikasokonezeka, injini simayenda bwino. Ku Britain, kuyambira mu 2014, galimoto yocotsedwa sefa imalephera mayeso a caka ndi caka. Sikoyenera kuti cimene eni ace anacikana kwao cisanduke cizolowezi m'midzi ya Zambia.

Kusintha sefa kuli ndi dongosolo lace. Coyamba, makanika ayeze galimoto ndi makina napeze cimene catseketsa sefayo. Kawirikawiri colakwa cimakhala pa mainjekita otha, pa tabo yodontha oyilo, kapena pa kacipangizo koyeza mpweya wa mumpope. Kuika sefa yatsopano matenda amenewa asanacizidwe ndiko kutunga madzi ndi dengu. Caciwiri, aone ngati sefa ingatsukidwe. Mwaye umapsa, koma phulusa locokera ku oyilo silipsa. Limaunjikana zaka ndi zaka mpaka litacotsedwa ndi makina. Sefa yong'aluka kapena yosungunuka m'kati ndiyo iyenera kusinthidwa, ndipo yolowa m'malo ikhale yogwirizana ndi mtundu wa galimotoyo. Cacitatu, kompyuta iuzidwe kuti sefa yasinthidwa. Pambuyo pace, mwini galimoto azigula oyilo wa phulusa locepa wolembedwa m'buku la galimoto yace. Safunsa anadya phula: wogula galimoto afunse za sefa asanapereke ndalama.

Nkhani ya mafuta nayonso njaikulu, pakuti sulufule wambiri amaononga sefa msanga. Mu 2023 mpope wa TAZAMA, wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, unayamba kubweretsa dizilo woyenga kale wa sulufule wocepa. Phindu limeneli limatayika pamene munthu agula dizilo wa m'zigubu pamseu, amene angakhale wosakaniza ndi parafini kapena madzi. Bungwe la Energy Regulation Board lilimbike poyendera ogulitsa mafuta kufikira kumaboma akutali monga Lundazi ndi Chama.

Bungwe la TEVETA ndi masukulu a nchito zamanja nawonso ali ndi udindo. Anyamata ndi atsikana ophunzira umakanika aphunzitsidwe za injini zamakono, kuti mlimi wa ku Petauke asamapite ku Lusaka kukangoyezetsa galimoto. Makanika wodziwa nchito yace akapezeka pafupi, nyundo idzasowa ocita nayo malonda. Ndalama za mlimi zimapezeka ndi thukuta la caka conse, ndipo mpweya wa m'mudzi ndi wa anthu onse. Ziwiri zonsezi ziyenera kutetezedwa.